Makaseti a Pansi pa Bedi: Mmene Tikusungira Nyimbo za Pakhomo Pathu



Amene talemba nkhaniyi ndife ana atatu a bere limodzi. Awirife tinamaliza Fomu 4 pa sukulu pompano, ndipo mzime wathu adakali mu Fomu 3. Kwa zaka ziwiri tsopano, tchuthi chilichonse takhala tikusonkhanitsa ndi kulongosola nyimbo za pakhomo pathu. Zina zili pa makaseti, zina pa ma CD, zina mu memory card ndi m'mafoni. Aphunzitsi oyang'anira kalata ino atamva za ntchitoyi anatipempha kuti tifotokozereko anzathu. Tavomera chifukwa tikukhulupirira kuti m'nyumba zambiri za kuno muli chuma chofanana ndi chathu, ndipo chikutha mwakachetechete, eni ake ali pomwepo.

Tiyambe tamasulira zomwe tikutanthauza tikati nyimbo. Tikudziwa kuti ma sheikh athu amasiyana maganizo pa nkhani ya zida zoimbira. Ife si oyenera kuweruza mlandu umenewo, aliyense akafunse kwa amene amamuphunzitsa. Zomwe zili m'nkhokwe yathu ndi makaswida, manasheed, sikiri, nyimbo zomwe amayi amaimba pa nikah ndi pa misonkhano ya dawa, nyimbo za ana a madrasa pa jalasa, komanso tinyimbo ta Chiyao totonthozera mwana ndi ta pamtondo. Zambiri ndi za pakamwa pokha, zina zili ndi dufu. Qur'an yolemekezeka si nyimbo, choncho ili ndi malo akeake, ndipo tifika pa nkhani yake kutsogoloku.

Gawo lakale kwambiri la nkhokweyi ndi makaseti a malemu bambo athu, Allah awachitire chifundo. Anali m'makatoni awiri pansi pa bedi la mayi. Mwina ophunzira ena sanaigwirepo kaseti m'manja. Ndi kabokosi ka pulasitiki kokwana m'thumba la shati, ndipo mkati mwake muli tepi yopyapyala, yofiirira, yokulungidwa pa timawilo tiwiri. Mawu amasungika pa tepiyo mwa mphamvu ya maginito. Kampani ya Philips ya ku Netherlands ndiyo inaitulutsa mu 1963. Kaseti yolembedwa C60 imatenga mphindi 30 mbali iliyonse, ya C90 mphindi 45. Mbali imodzi ikatha, munthu ankadzuka n'kukaitembenuza. Wofuna kupulumutsa mabatire ankalowetsa bolopeni pa kabowo n'kumaizunguza m'mwamba mpaka tepi ibwerere poyambira. Makolo amene akuwerenga pano akumwetulira, tikudziwa.

Makaseti a bambo anali a mitundu itatu. Ena anali ogula, okhala ndi chikuto chosindikizidwa, a m'masiku omwe oimba ambiri a m'dziko muno ankagulitsa nyimbo zawo kudzera m'sitolo ya O.G. Issa ku Limbe. Ena anali okopera kwa anzawo, makamaka makaswida a Chiswahili omwe ankabwera ndi apaulendo ochokera ku Dar es Salaam, Zanzibar ndi Mombasa. Mtundu wachitatu ndi omwe bambo anajambula okha. Ankanyamula wailesi yawo ya kaseti popita ku ziyala, ku nikah kapena ku sadaka, n'kuiika pa mpando pafupi ndi oimba. Pamwamba pa kaseti iliyonse pamakhala timano tiwiri ta pulasitiki, ndipo ukatithyola, wailesi imakana kujambulanso zina pa kasetiyo. Pa makaseti onse omwe bambo anajambula okha tinapeza timanoto titathyoledwa. Sanatisiyire kalata yonena kuti tidzasunge, koma timano tothyokato tinatiuza maganizo awo.

Gawo lachiwiri ndi ma CD, ndipo ambiri ndi a achemwali athu aakulu. CD inatuluka mu 1982, itapangidwa ndi makampani a Sony ndi Philips, koma m'nyumba ngati yathu inafika mochedwa, pomwe makina oonetsera DVD anayamba kutsika mtengo. Imodzi imatenga mphindi pafupifupi 80. Pa ma CD amenewa ndi pomwe tinamvera koyamba chimbale cha Sami Yusuf chotchedwa Al-Mu'allim, cha mu 2003, cha Maher Zain chotchedwa Thank You Allah, cha mu 2009, ndiponso manasheed a Zain Bhikha wa ku South Africa. CD yochokera ku fakitale imalimba zaka zambiri. Yobena pa kompyuta, ija yobiriwira kapena yabuluu kunsi, imasunga mawu mu utoto umene umafwifwa ndi dzuwa komanso kutentha. Anthu ambiri amasamala kunsi kokha, chonsecho mawu ali pafupi kwambiri ndi kumwamba, kuseri kwenikweni kwa zolemba zija. Kukala kumwambako ndi pini kapena bolopeni yakuthwa kumaononga CD kuposa kukalika kwa kunsi. Popukuta, nsalu yofewa iziyambira pakati kupita kumphepete, osati mozungulira.

Gawo lachitatu aliyense akulidziwa: memory card, fulashi ndi foni. Umapita kwa anyamata obena nyimbo pa msika, umalipira kangachepe, umabwerako kadi itadzaza. Izi zimatheka chifukwa cha MP3, njira yopanikizira mawu yomwe akatswiri ambiri amene anaikonza anali a ku bungwe la Fraunhofer ku Germany, kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990. Mphindi imodzi ya mawu pa CD imadya malo okwana pafupifupi 10 MB, pomwe MP3 wamba imadya pafupifupi 1 MB. Ndiye kuti kakadi ka 8 GB, kochepa ngati chikhadabo, kamanyamula mawu a maola oposa 100. Makatoni awiri a bambo aja angalowemo onse, malo n'kutsala.

Kuchuluka kumeneku kuli ndi msampha wake. Titaika makadi ndi mafoni a m'nyumba mwathu pamodzi, tinapeza mafayilo mazanamazana opanda dzina lenileni. Ena olembedwa Track 01, Track 02. Ena oyamba ndi zilembo AUD, kenako manambala, chizindikiro chakuti anadzera pa WhatsApp. Kaswida imodzi yomweyo inapezeka kanayi ndi mayina anayi osiyana. Nyimbo ikadumpha kuchoka pa foni ina kupita pa ina kudzera pa Bluetooth kapena WhatsApp, imasiya m'njira dzina la woimba, dera lake ndi chaka chake. Palinso makadi achinyengo, olembedwa 32 GB pamwamba pomwe mkati mwake malo ndi ochepa zedi. Amalandira nyimbo bwinobwino, mayina n'kumaoneka, koma tsiku lomwe ukufuna kumvera zambiri zimakana kulira. Chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere. Njira yoyesera kadi yatsopano ndi kuidzaza mpaka pakamwa, kenako kumvera mafayilo oyambirira, apakati ndi omalizira, musanaikhulupirire.

Anzathu ena amatifunsa kuti tikuvutikiranji, popeza zonse zili pa YouTube. Ifenso timamvera pa YouTube ndipo timathokoza kuti ilipo. Koma zomwe zili kumeneko ndi ngati mpando wobwereka pa ukwati: umakhalapo lero, mawa mwini wake wautenga. Bandulo ikatha, netiweki ikavuta, kapena amene anaika nyimboyo akaichotsa, umatsala manja lende. Chachikulu n'chakuti si zonse zili kumeneko.

Apa ndi pomwe ntchito yathu inapezera mutu. Chilichonse chomwe tinagwira tinachifunsa funso limodzi: ichi chitatayika lero, tingachipezenso kuti? Mayankho anatipatsa milu itatu. Mulu woyamba ndi wa zomwe zili paliponse, monga manasheed otchuka aja. Zitatayika tingadandaule tsiku limodzi, mawa lake n'kuzipezanso. Mulu wachiwiri ndi wa zosowa, monga makaswida a magulu a m'maboma a Mangochi, Machinga ndi Nkhotakota omwe anatulutsa kaseti imodzi kapena awiri kenako gulu n'kubalalika. Izi mwina zilipo m'nyumba zina, koma ungayende mtunda kuti uzipeze. Mulu wachitatu ndi wa zomwe zili ndi ife tokha pa dziko lonse lapansi. Unali mulu waung'ono kwambiri, makaseti okwana m'manja awiri, ena opanda chikuto, ena atayamba kuchita nkhungu. Munthu wosadziwa akanayamba kutaya amenewa posesa m'nyumba.

Kaseti ina ya mu mulu umenewu ndi ya sikiri yomwe inachitika pa sadaka kumudzi kwathu, kufupi ndi Ntaja. Mumamveka abambo atapanga bwalo, mpweya ukutuluka m'zifuwa mwawo pamodzi ngati munthu mmodzi, wotsogolera akukweza mawu pamwamba pawo. Chapatali tambala akulira, mwana akuitana amake, ndipo wina akudutsa ndi njinga akuliza belu. Kaseti ina ndi ya amayi akuimba pa nikah ya makolo athu. Ina ndi ya ana a madrasa akulakatula pa jalasa, muwalimu akuwakonza apo ndi apo. Kumayambiriro kwa kaseti ya nikah ija kuli kanthu kena komwe sitinkakayembekezera. Munthu akugogoda pa wailesi ndi chala, akunena Bismillah, kenako akufunsa mnzake ngati kagetsi kofiira kayaka. Amenewo ndi bambo athu ali mnyamata. Mzime wathu anali wakhanda pomwe bambo ankatisiya, ndipo mawu awo sankawadziwa. Anawamvera pa kaseti imeneyi. Ndi masekondi ochepa chabe, ndipo palibe sitolo, palibe intaneti, palibe wailesi yomwe ingatipatsenso masekondi amenewo.

Kaseti siidikira munthu. Kutentha kwa pansi pa malata kumaifewetsa, chinyontho cha dzinja chimabweretsa nkhungu, ndipo ikagonekedwa pafupi ndi sipika yaikulu maginito amafufuta mawu pang'onopang'ono. Mawailesi oilizira nawonso akusowa, ndipo omwe atsala timalamba take ta labala tinatha mphamvu, kotero amaimba mokoka kapena kutafuna tepi. Choncho tinayamba ndi mulu wachitatu, kuukopera mu kompyuta.

Njira yake ndi yosavuta, ngakhale imafuna kudekha. Tinabwereka wailesi ya kaseti kwa amalume, mmisiri wa mawailesi pa msika n'kutisinthira lamba. Tinapukuta kamutu kowerengera tepi ndi thonje lonyowetsa ndi sipiliti, n'kudikira kuti kaume. Tisanaike kaseti yofunika tinkayamba tayesa ndi ina yopanda ntchito, kuti ngati wailesi ili ndi njala itafune imeneyo. Kenako tinalumikiza waya kuchoka pa kabowo ka mahedifoni a wailesi kupita pa kabowo kolowetsera mawu ka laputopu, n'kujambula ndi pulogalamu yaulere yotchedwa Audacity. Voliyumu isakwere kwambiri, chifukwa mawu akasweka pojambula sakonzekanso. Palibe chidule: kaseti ya mphindi 90 imatenga mphindi 90, ndipo magetsi akazima pakati, batire la laputopu likatha, mbali imeneyo umayambiranso. Mbali iliyonse timaisunga kawiri. Koyamba ngati WAV, yomwe ndi yaikulu koma sitaya kanthu, ndipo kaseti ya C90 imadya pafupifupi 900 MB. Kachiwiri ngati MP3 yomvera pa foni. Chikuto timachijambula chithunzi mbali zonse, makamaka pomwe pali dzanja la bambo. Kasetiyo sititaya. Timaibwezera m'kabokosi kake, kuiimika chilili m'chitini chotseka bwino, kutali ndi dzuwa, sipika ndi khoma lonyowa.

Koma kukopera ndi theka chabe la ntchito. Fayilo yomveka bwino yomwe palibe akudziwa kuti akuimba ndani ili ngati chithunzi cha mlendo. Pa madrasa tinaphunzira kuti akatswiri a hadith sankalandira mawu popanda isnad, mndandanda wa anthu omwe mawuwo adzera mwa iwo. Imam Bukhari, yemwe anabadwa mu 810 n'kumwalira mu 870, anayenda maiko ambiri kufufuza kuti wanena ndani, anamva kwa yani, ndipo anakumana kuti. Nyimbo zathu sitikuziyerekeza ndi hadith, kutalitali. Tangobwereka khalidwe lawolo, losalola kuti mawu ayende okha opanda mwini. Tinagula kope lachikuto cholimba, ndipo kaseti, CD kapena fayilo iliyonse ili ndi nambala ndi tsamba lake. Timalemba woimba kapena gulu, mudzi kapena boma, mwambo womwe unkachitika, chaka ngati chikudziwika, chilankhulo, amene anajambula, ndi amene watiuza zimenezi. Nambala yomweyo timailemba pa kaseti ndi pa dzina la fayilo, kuti wogwira chimodzi apeze chinzake. Pomwe sitinapeze yankho timasiya mpata, sitilemba zongoganizira.

Ambiri mwa mayankhowo ali ndi anganga athu, mayi awo a bambo. Timakhala nawo pakhonde swala ya Asr ikatha, foni ili pa mkeka. Amamvetsera atatseka maso, kenako amakweza dzanja.

"Taimitsani kaye pamenepo, adzukulu anga. Bwezani pang'ono."

"Tabweza, anganga. Mwamva chiyani?"

"Amene akuyambitsayo ndi akulu anga. Nyimbo imeneyi anakaitenga ku Makanjira, kwa apongozi awo. Lembani."

Akulu awo a anganga anamwalira tisanabadwe, ndipo palibe chithunzi chawo ngakhale chimodzi. Lero tili ndi mawu awo ndi dzina lawo pa tsamba limodzi. Pa kaseti ya sikiri ija anganga anatchula amuna asanu ndi mmodzi pongomva mawu, ndipo mwa onsewo wamoyo ndi mmodzi. Makutu awo ayamba kulemera, ndipo masiku ena amatopa msanga. Kaseti ikhoza kupirira zaka zina zingapo m'chitini, koma amene angatiuze za mkati mwake sitikudziwa kuti Allah watibwereka kwa nthawi yaitali bwanji. N'chifukwa chake tsiku lomwe anganga ali ndi mphamvu timasiya laputopu n'kutenga kope.

Mawu ena a m'nyimbozi sitinkawamva konse, chifukwa Chiyao, Chiswahili ndi Chiarabu zalukana m'menemo ngati mkeka. Tinapita nawo kwa muwalimu wathu wakale wa madrasa. Iwo anazindikira kuti zigawo zina n'zochokera mu Maulidi ya Barzanji, yomwe analemba Ja'far al-Barzanji wa ku Madina m'zaka za m'ma 1700, ndipo zina n'zochokera mu Burda ya al-Busiri wa ku Egypt, ya m'zaka za m'ma 1200. Tinazizwa kuona kuti mawu olembedwa kutali chotero anayenda pakamwa ndi pakamwa mpaka kufika pa bwalo la kumudzi kwathu, amayi osadziwa kulemba n'kumawaimba m'mayimbidwe a kwathu konkuno.

Phindu la kulemba limaoneka pakapita nthawi. Hugh Tracey anayenda m'dziko muno, lomwe panthawiyo linkatchedwa Nyasaland, mu 1950, 1957 ndi 1958, akujambula nyimbo za m'midzi. Mu 1954 anakhazikitsa International Library of African Music, yomwe lero ili pa Rhodes University mumzinda wa Makhanda ku South Africa. Zomwe anajambulazo zikugwirabe ntchito chifukwa ankalemba dzina la woimba, malo, chilankhulo ndi chaka. Munthu wa lero akhoza kupezamo dera la makolo ake. Ife tilibe galimoto yodzaza makina ngati iye, koma tili ndi mwayi womwe mlendo sangakhale nawo: oimbawo ndi abale athu, ndipo chilankhulo ndi chathu.

Tsopano za Qur'an. Bambo anasiyanso makaseti a owerenga otchuka, monga Abdul Basit Abdus Samad ndi Mahmoud Khalil al-Husary, onse a ku Egypt. Al-Husary ndiye woyamba kujambulidwa akuwerenga Qur'an yonse m'kawerengedwe kodekha ka murattal, mu 1961, ndipo mpaka lero aphunzitsi ambiri amauza ana kuti azimumvera pophunzira tajwid. Makaseti amenewa ali m'chitini chawochawo, pa shelefu ya pamwamba. Mu foni ndi mu kompyuta, Qur'an ili mu foda yakeyake, ndipo mzime wathu anachita kugula kadi yapadera. Chifukwa chake n'chakuti foni ikamasankha yokha zoti ilize, imatha kudumpha kuchoka pa nyimbo ya ukwati kupita pakati pa surah, anthu ali pa phokoso ndi nthabwala. Qur'an ikamawerengedwa imafuna kumvetsera mwaulemu, ndipo ayah si yoika kuti izilira munthu akakuimbira foni. Ma surah onse 114 tinawapatsa manambala a malo atatu, kuyambira 001 mpaka 114, chifukwa ukalemba 1, 2, 3 wamba, mafoni ndi mawailesi ena amaika surah 10 ndi 100 patsogolo pa surah 2. Timalembanso dzina la wowerenga, ndipo tinamvera fayilo iliyonse ndi Mus'haf m'manja kuti titsimikize kuti palibe yoduka kapena yosinthanitsidwa dzina. Wophunzira amene akuloweza akamvera fayilo yoduka amaloweza moduka. Ndipo ngakhale fayilo ikhale yabwino chotani, siingamve pomwe iwe walakwitsa. Imeneyo ndi ntchito ya muwalimu.

Zonse zikalongosoka, funso lotsala ndi la kosungira. Foni imabedwa mu minibasi, kadi imafa osadwala, laputopu imagwidwa vayirasi. Madzi nawo tinawaona: namondwe wa Freddy, mu Malichi 2023, anakokolola nyumba ndi katundu m'maboma a kumwera, ndipo mabanja omwe anapulumuka anataya zithunzi, mabuku ndi zikalata zomwe sizidzabwereranso. Lamulo lathu ndi lakuti chilichonse cha mu mulu wachitatu chikhale malo atatu, ndipo amodzi mwa malowo akhale kunja kwa nyumba yathu. Kope loyamba lili mu laputopu, lachiwiri mu fulashi yomwe amasunga azakhali kumudzi, lachitatu tinatumizira msuweni wathu yemwe amagwira ntchito ku Johannesburg. Masamba a kope lolembamo lija nawonso timawajambula zithunzi n'kuwaika pamodzi ndi nyimbo. Chaka chilichonse, Eid ya nsembe ikadutsa, timatsegula malo onse n'kumvera mafayilo angapo, kuti ngati pena pafa tidziwe pena padakali moyo. Fulashi yongogonekedwa m'sutikesi zaka zambiri osaiyang'ana si yoidalira.

Pali mbali inanso yomwe mayi athu anatikumbutsa tisanapite patali, ndiyo ya amanah. Mawu a munthu ndi ake. Amayi omwe ankaimba pa nikah ija ankaimbira abale awo, sankaimbira dziko lonse. Choncho palibe chomwe timaika pa Facebook, pa TikTok kapena m'magulu a WhatsApp popanda chilolezo cha mwini mawu, kapena cha ana ake ngati iye anatisiya. Banja lina linapempha kuti nyimbo ya mayi awo ikhale ya pachibale pokha, ndipo tinalemba zimenezo m'kope ndi inki yofiira. Mabanja ena titawapititsira mawu a makolo awo analira, natipatsa nkhuku, ena n'kutitulutsira makaseti awo kuti tiwakoperenso. Kwa oimba manasheed omwe ali moyo ndipo akugulitsa ntchito yawo, chilungamo ndi kugula kwa iwo eni. Analipira situdiyo, anasiya ntchito zina, ndipo ali ndi ana ofuna fizi ngati ife. Dziko lathu lili ndi lamulo loteteza umwini wa luso, komanso bungwe la COSOMA lomwe linakhazikitsidwa mu 1992 kuti liziyang'anira zimenezi. Koma Msilamu sayenera kudikira lamulo la boma kuti adziwe kuti thukuta la mnzake si laulere.

Kwa inu ophunzira anzathu, ntchito imeneyi ndi ya pa tchuthi, isalowe m'malo mwa mabuku, ndipo malamulo a sukulu okhudza mafoni alipobe. Simukufunika laputopu kuti muyambe. Kope limodzi ndi bolopeni n'zokwanira. Funsani kunyumba ngati kuli makaseti kapena ma CD akale, muwapukute fumbi, muwapatse manambala, mulembe zomwe zalembedwa pa chikuto. Ngati kulibe kaseti ngakhale imodzi, pemphani agogo anu akuimbireni nyimbo yomwe ankatonthozera makolo anu, kapena kaswida yomwe anaphunzira ali ana, muijambule pa foni ya m'nyumbamo atakulolani. Musanayambe nyimbo, tchulani tsiku, malo ndi dzina lawo, kuti isnad ikhale mkati mwa fayilo momwemo. Mukatero mwayamba nkhokwe yomwe palibe mnzanu wina ali nayo, ngakhale kadi yake itadzaza chotani.

Kwa inu makolo, tikupempha kuti makatoni a pansi pa bedi musawataye kapena kupatsa ana kuti azisewera ndi tepi. Mwana akabwera ndi kope n'kumafunsa kuti akuimba apa ndani, mupatseni nthawi, ngakhale funsolo lidzutse chisoni cha omwe anapita. Mukapanda kumuuza inu, palibenso wina amene adzamuuze.

Kwa inu akuluakulu a komiti, tikudziwa kuti m'makabati a mizikiti yambiri muli makaseti a maulaliki a ma sheikh omwe anatisiya, a mipikisano ya kuwerenga Qur'an, ndi a majalasa a madrasa. Pempho lathu ndi laling'ono. Mutalola kuti wailesi imodzi ya kaseti yokonzedwa bwino ikhale mu laibulale ya sukulu, pamodzi ndi waya ndi kope, ife atatu tadzipereka kubwera Loweruka lililonse la tchuthi chikubwerachi kudzaphunzitsa ophunzira omwe angafune, moyang'aniridwa ndi mphunzitsi amene mungasankhe. Banja lililonse lidzabwerera ndi kaseti yake komanso mawu ake mu kadi, ndipo palibe chidzatsale pa sukulu popanda chilolezo cha eni ake. Mutu umodzi susenza denga, ndipo makaseti a dera lonse lino sangathe ndi manja a nyumba imodzi.

Allah awakhululukire onse omwe mawu awo tikuwamva koma nkhope zawo sitidzazionanso pa dziko lino, awapatse moyo wautali ndi thanzi agogo omwe atsala, ndipo atipatse ife luntha lofunsa nthawi idakalipo. Ameen.